Milalang'amba ya a Sakala

Tamara ndi Dalitso, ana anga, za ubwana wanga ku Katete ndikuzisiya, chifukwa ambuye anu anakusimbirani kale, mwinanso mokometsera. Ine ndiyambira pa ntchito. Ndipo sindingalembe za ntchito yanga osatchula a Sakala, amene anandiphunzitsa zambiri kuposa munthu wina aliyense, amenenso ndinawachotsetsa ntchito ndi pakamwa pangapa. Ngati ndinalakwa, mudzaweruza nokha.

Matero, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa sekondale ina ku Matero. Anandilemba kukhala wothandiza m'labu, chipinda chophunziriramo sayansi. Sukulu ndinalekezera Fomu 3, choncho sindinkadziona ngati munthu wa sayansi. Ndinkadziwa kuti ndabwera kudzatsuka mabotolo, kusesa, ndi kutsekula mawindo fungo likachuluka. Bwana wanga woyamba anali mphunzitsi wochokera ku India, wamfupi, wosaseka. Tsiku loyamba anandiimika patsogolo pa shelefu n'kundiuza zinthu ziwiri: botolo lililonse likhale ndi dzina lake, ndipo asidi asadzakhudze khungu la mwana wa munthu ine ndili pa ntchito. Zaka zimenezo zinali za kusowa. Sopo tinkaimira pamzere, shuga pamzere, ndiye za gasi wa m'labu mungaganize nokha. Ndinaphunzira kupanga nyali za sipiriti ndi timabotolo ta mankhwala a chifuwa, kusefa madzi ndi nsalu yakale, ndiponso kuphika maluwa ofiira a kumpanda kuti madzi ake azisintha mtundu akakumana ndi asidi. Kalasi yonse inkaunjikana pa galasi limodzi, ndipo likasweka ndinkadandaula ngati ndaswa mbale ya apongozi. Ku Matero n'kumene ndinakwatiwa ndi atate anu, n'kumenenso iwe Tamara unabadwira.

Kanyama, zaka za m'ma 1990

Kalata yondisamutsira ku Kanyama itabwera ndinalira. Ndani sankadziwa madzi a ku Kanyama? Mvula ikagwa masiku atatu, tinkapita ku ntchito ndi majombo, nsapato zili m'pepala, ndipo m'labumo achule ankalowa osaodira. Mabotolo onse ndinawakweza pa mashelefu apamwamba. Kumeneko ndinapeza a Sakala, mkulu wa aphunzitsi a sayansi, bambo wamtali wa ku Chadiza, wa jekete lotuwa ndi choko, woyenda pa njinga. Anthu onse pa sukulupo ankanditchula kuti ba Daka, mwa chitauni, koma iwo ankati Mai Daka, ndipo ankalankhula Chichewa cha kwathu chosasakaniza, moti ndikawamva ndinkakumbuka atate anga.

A Sakala anali ndi telesikopu, chida choonera zakumwamba. Anaipanga okha ndi paipi yakuda ya pulasitiki ndi galasi limene wansembe wina wachizungu anawasiyira pobwerera kwawo. Lachisanu lililonse m'chilimwe, dzuwa likangolowa, ankaiimika pabwalo la mpira, ana ofuna n'kumatsala kuti aone. Ine ndinkangoinyamula ndi kuibwezera m'chipinda chosungiramo katundu. Tsiku lina la mu Novembala magetsi atazima komboni yonse, iwe Dalitso uli kumsana, anandiitana.

"Mai Daka, zaka ziwiri mukunyamula chinthu chimenechi ngati mtolo wa nkhuni. Tabwerani muone."

Analoza chakumpoto, pamwamba pa madenga. Ndinaika diso.

"Mwaona chiyani?"

"Galasi lada, aphunzitsi. Pali kachifunga, ngati wina wagwirapo ndi chala cha mafuta."

Ndinali nditagwira kale nsonga ya chitenje kuti ndipukute. Anaseka mpaka kukhosomola.

"Musapukute, mayi, simungakachotse. Mukuukumbuka mlalang'amba, uja umadutsa kumwamba ngati njira ya phulusa nyengo yozizira kumudzi? Zonse zija ndi nyenyezi, ndipo dzuwa lathuli ndi imodzi chabe mwa izo. Ife tili m'kati mwake. Koma kachifunga mwaonako si ka kwathu. Ndi mlalang'amba wina, wathunthu, wokhala ndi nyenyezi zake zosawerengeka. Kuwala kumene kwalowa m'diso lanu lero kunanyamuka kumeneko zaka zoposa mamiliyoni awiri zapitazo."

Ndinayang'ananso. Kanali kachifunga komweko, koma miyendo yanga inachita ngati yazizira. Ndinafunsa kuti nanga Mulungu analengeranji zonsezi kutali chotere, kumene munthu sadzafikako.

"Limenelo mukafunse abusa Lamlungu," anatero. "Ine ntchito yanga n'kuloza."

Nditafika kunyumba ndinafotokozera atate anu ndiwo zikupserera pa mbaula. Iwo anangoti, "Manje nyenyezi zanuzo tizadya?" Koma Lachisanu lotsatira anabwera okha, ati kudzanditenga, ndipo anakhala pa telesikopu nthawi yaitali kuposa ana a sukulu. Kuyambira pamenepo a Sakala ankandibwereka mabuku. Chizungu chikandikanika, ankandimasulira pa nthawi ya tiyi. Sananditengepo ngati wosesa.

Chaka cha kadamsana, 2001

Mukukumbuka tsiku lija la mu Juni pamene kunada masana. Mwezi wonse a Sakala ankayenda m'makalasi ndi m'matchalitchi kuchenjeza anthu kuti asayang'ane dzuwa ndi maso osaphimba, ndipo ine ndinaboola makatoni osawerengeka kuti ana azionera chithunzi cha dzuwa pansi. Amayi ena a ku chigwirizano ankati ndi mapeto a dziko. Tsikulo bwalo linadzaza. Cha m'ma 3 koloko kunazizira mwadzidzidzi, nkhuku za kuseri kwa mpanda zinathamangira m'makola, ndipo dzuwa linasanduka mphete yoyera yozungulira mdima. Kanyama yense anakuwa. Ine ndinaona nyenyezi yowala pafupi ndi mpheteyo, masanasana.

"Aphunzitsi, taonani nyenyezi iyo!"

Anali pambali panga. Anatembenuza mutu uku ndi uku, kenako anafunsa chapansipansi, kuti ana asamve.

"Ili mbali iti, Mai Daka?"

Tikubweza katundu, anatseka chitseko cha labu n'kundiuza. Anali matenda a shuga. Diso lakumanja linali litatha kale, lakumanzere linkaona ngati munthu ali mu utsi. Mphete ija anaiona ngati kuwala kwa nyali kuseri kwa nsalu. Anali ataidikira zaka zonse za uphunzitsi wawo.

"Musauze munthu," anatero. "Maphunziro onse ali m'mutu mwangamu. Ndikungofuna wondithandiza mabotolo."

Ndinavomera osaganiza kawiri. Mayina a pa mabotolo ndinawalembanso ndi zilembo zazikulu ngati za pa golosale. Zimenezo zitasiya kuthandiza, ndinamanga mphira pakhosi pa botolo lililonse: umodzi pa asidi wosungunula ndi madzi, iwiri pa asidi wamphamvu, kuti azizindikira ndi chala. Mayeso a ana ndinkawawerengera mokweza m'chipinda cha katundu, iwo n'kumandiuza malikisi. Lachisanu telesikopu ndinkailozetsa ndine, iwo n'kumafotokoza zimene anawo akuona ngati akuziona okha. Ana ankakhoza bwino. Ndinkadziuza kuti palibe amene akuvulala.

Zaka ziwiri pambuyo pake

Tsikulo pampopi panalibe madzi, ndiye ndinatuluka ndi ndowa kukatunga ku chitsime cha kuseri. Sindinachedwe. Ndikubwerera ndinamva kukuwa. Mtsikana wina wa Giredi 11, dzina lake Misozi, anali atagwira galasi la madzi pang'ono kuti a Sakala athiremo asidi wosungunula. Mphira umodzi unali utaduka pa botolo la asidi wamphamvu, n'kutsala umodzi. Iwo anakhudza, anamva umodzi, anathira. Zinawira n'kuthovokera pamkono pa mwanayo. Ndinamukhuthulira ndowa yonse, ndinatumiza ana kukatunga zina, ndinang'amba dzanja la malaya ake, koma khungu linali litapsa kale kuyambira pa chigongono kutsika. Aphunzitsi ena anathamanga naye ku kiliniki. A Sakala anangoima pakati pa chipinda, botolo lili m'manja, akufunsa kuti, "Ndani wapsa? Ndiuzeni, ndani?"

Ana ataweruka, a Sakala anandipeza ndikukolopa.

"Mai Daka, mawa a hedi adzakufunsani. Munene kuti mtsikana anagwedeza dzanja. Zaka ziwiri zokha zatsala kuti ndipume mwaulemu. Sindidzagwiranso asidi, ndikulonjeza. Akandichotsa m'kalasi, ine ndidzakhala ndani? Wakhungu wokhala pakhonde?"

Ndinapitiriza kukolopa. Kunyumba ndinakanika kudya, ndipo ndinaululira atate anu zonse, kuyambira tsiku la kadamsana. Anatsiriza kusenda chimanga chawo chootcha. Kenako anati, "Amake Tamara, chaka chamawa Tamara azankala mu kalasi yamene ija. Sembe ni eve anapsa, mukanakamba kuti anagwedeza kwanja?"

M'mawa ndinayamba ndapita kwa a Sakala. Sindinafune kuti amve kwa wina.

"Aphunzitsi, ndikanena zoona. Koma ndikupemphani, tiyeni limodzi, mukanene ndinu. Ine ndikaima pambali panu."

Anatembenukira kukhoma.

"Pitani, mayi. Mwasankha kale."

A hedi athu anali Mai Mulenga, mayi wa Chibemba wosazungulira polankhula. Anatseka chitseko n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ba Daka, nizakufunsani kamozi chabe. Ni mwana anataya, olo ni ba Sakala?"

Ndinanena zonse: za maso, za mphira, za mayeso amene ndinkawerenga ine. Anagwira mutu.

"Zaka ziwiri! Na imwe muli na mulandu, mwaziba?"

"Ndikudziwa."

Ine anandipatsa kalata yondichenjeza, ndipo ndikuvomera kuti inandiyenera. A Sakala anawatumiza kwa madokotala, ndipo teremu isanathe anawapumitsa ntchito chifukwa cha matenda. Tsiku lodzatenga mabuku awo anabwera ndi mwana wawo wamkazi, Eneless, atawagwira mkono. Ndinawapatsa moni pakhomo pa labu. Anaima.

"Ndani ameneyu?"

"Ni ba Daka, adadi."

"Sindikuwadziwa."

Anadutsa. Ndinalowa m'chipinda cha katundu n'kulira pakati pa mabotolo. Telesikopu anaisiya, kaya mwadala kaya moiwala. Mphunzitsi amene anabwera m'malo mwawo analibe nayo chidwi, ndiye ndinapempha a hedi kuti Lachisanu ndiziitulutsa ine. Ndinachita zimenezo zaka zingapo, ndikubwereza mawu a a Sakala monga ndinawamvera, mpaka chaka china madzi osefukira analowa m'chipindamo pa holide n'kuwononga galasi lake. Ndinagwirabe ntchito pa sukulu yomweyo mpaka tsiku langa lopuma. Pa zaka zonsezo palibe mwana wina amene anapsa m'labu yanga. Koma ndikamva njinga ikulira pageti m'mawa, mtima unkadumpha.

Mtendere, Julaye 2022

Ndinali nditapuma kale, atate anu atatisiya, pamene iwe Tamara unafika kunyumba ndi foni m'manja. Unati, "Mami, onani vamene vachoka lelo. Imwe na nyenyezi zanu." Unandifotokozera kuti akatswiri anatumiza telesikopu yaikulu kumwamba, kutali kupitirira mwezi, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zithunzi zake zoyamba. Unandiwerengera kuti malo onse a pa chithunzicho, kumwambako, ndi aang'ono ngati kamchenga kamodzi kogwiridwa pa chala munthu atatambasula mkono. Ndinavala magalasi. Pa mdima wakuda bii panali timadontho tambirimbiri, toyera, tachikasu, tofiira, ndipo pafupifupi kalikonse kanali mlalang'amba. Ine amene ndinazizira miyendo chifukwa cha kachifunga kamodzi! Unaona ndikupukuta maso ndipo unaganiza kuti ndakondwa. Ndinakondwadi, koma chimene chinandiliza n'chakuti munthu woyenera kuona chithunzichi sakanatha kuchiona.

Ndinali nditamva pa maliro ena kuti a Sakala akukhala ku Mtendere kwa Eneless. Masiku atatu ndinalimbana ndi mtima. Tsiku lachinayi ndinabwereka foni yako, ndinakwera basi ya m'tauni, n'kukweranso ina. Ndinafunsira kwa amayi ogulitsa tomato mpaka anandilozera nyumba ya geti lobiriwira. Unali m'mawa wozizira. Ndinawapeza pakhonde akuothera dzuwa, atavala chipewa cha ubweya, wailesi ili pamwendo. Anali atachepa thupi kwambiri.

"Odi kuno."

Anazimitsa wailesi.

"Mawu amenewo ndi a Mai Daka."

"Ndine, aphunzitsi."

Eneless anatuluka, anandiyang'ana, anayang'ana atate ake, kenako anabweretsa mpando n'kubwerera m'nyumba mwakachetechete. Ndinakhala. Anayamba ndi iwo.

"Sabata yonse ino wailesi ikukamba za chithunzi china chatsopano. Koma anthu a pa wailesi amangoti n'chokongola, n'chodabwitsa. Eneless akuti ndi madontho. Palibe amene akundiuza chimene chilimo."

"Ndabwera nacho."

Anawongoka pampando. "Yambani ndi zowala kwambiri."

Ndinati pali zina zowala zokhala ndi minga yaitali ngati nyenyezi ya pa khadi la Khirisimasi.

"Zimenezo zisiyeni, ndi nyenyezi za kwathu konkuno, zangotsekereza njira. Kuseri kwake?"

Ndinati pakati pali zoyera, zonenepa, zosalala ngati mazira, zitaunjikana pamodzi. Pali zina zozungulira ngati madzi akamalowa m'sinki, zina zopyapyala ngati mbale yoonera m'mbali. Ndipo pali zina zachilendo, zokhota ngati zikhadabo zowengedwa, zitazungulira zoyera zija.

"Zokhota? Zikuzungulira pakati?" Anamenya bondo. "Mai Daka, kumeneko ndi kulemera! Gulu lapakatilo ndi lolemera kwambiri moti likupinda kuwala kochokera ku milalang'amba ya kumbuyo kwake, monga mmene pansi pa botolo pamapindira zilembo. Ndinkaziwerenga m'mabuku. Nanga tofiira, tating'ono kwambiri, tilipo?"

"Tilipo, ngati nsabwe."

Anaseka, kuseka kuja kwa mpaka kukhosomola. Anati timeneto ndi takutali kuposa tonse, kuwala kwake kwayenda zaka zoposa mabiliyoni khumi ndi atatu, ndipo kwafiira chifukwa thambo lenilenilo lakhala likutambasuka kuwalako kuli pa ulendo. Nditawauza za kamchenga, anawerama, anapapasa pansi pa khonde, anatola mchenga pa chala n'kutambasula mkono kuloza kumwamba. Anakhala choncho nthawi yaitali. Atatsitsa mkono, nkhope inali itasintha.

"Ndinakukwiyirani zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Tsiku lina mdzukulu wanga anatentha thupi, amake ali ku msika. Ndinatenga mapiritsi kuti ndimupatse. Eneless, amakewo, anatulukira n'kundigwira dzanja mapiritsiwo ali pakamwa pa mwana. Anali anga a shuga. Tsiku limenelo ndinafuna kukutumizirani mawu, koma manyazi, mayi. Manyazi anandidyera zaka zina zonsezi." Anatembenukira kumene ndinakhala. "Misozi ali kuti?"

Ndinawauza zoona: ali ndi shopu yosoka ku Chawama, ali ndi ana atatu, chipsera chilipo ndipo amavala malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala. Ndinawauzanso kuti nditakumana naye anandifunsa ngati aphunzitsi ake a nyenyezi akadali moyo. Anagwedeza mutu. Nanenso ndinapepesa, osati chifukwa chonena zoona, koma chifukwa cha zaka ziwiri zimene ndinawathandiza kubisa. Anati tonse tinali opusa, koma wamkulu pa kupusako anali iwo.

Eneless anabweretsa tiyi ndi mbatata. Tisanamwe, a Sakala anaika kapu pansi.

"Zokhota zija sindikuzimvetsa bwino mmene zakhalira. Mawu akuchepa. Jambulani apa."

Anatambasula dzanja lamanja, chikhatho chili m'mwamba. Pa zaka zonse zimene tinagwira ntchito limodzi ndinali ndisanawagwirepo dzanja kupatula pa moni. Ndinaika foni pamwendo, ndinagwira dzanjalo, lozizira, lopepuka ngati la mwana. Pakati pa chikhatho ndinajambula mazira oyera aja ndi nsonga ya chala. Mozungulira ndinakoka zokhota, chimodzichimodzi, ndikuyang'ana pa foni kuti ndisaname. Pafupi ndi chala chachikulu ndinazunguliza uja wonga madzi a m'sinki.

"Pang'onopang'ono, Mai Daka. Bwerezani umenewo."

Ndinabwereza. Kenako tofiira tija ndinatidinda ndi chikhadabo, apa, apa, ndi apa, mpaka m'mizere ya zala. Misozi inkatsika m'masaya mwawo n'kulowa m'kolala ya juzi, koma ankamwetulira, mutu utapendekera kumbali ngati munthu womvera nyimbo ya kutali. Tiyi anazizira. Ndinali ndisanafike ngakhale theka la chithunzicho.

"Aphunzitsi, malo atha."

Anatambasula dzanja linalo.